Ntchentche za M'kaseti

Chinthu choyamba chimene Lenah anamva m'kaseti yachitatu ija chinali ntchentche.

Kasetiyo inafika ku Nairobi mu Julaye chaka cha 2003, m'thumba la dalaivala wa lole yochokera ku Blantyre. Mayi ake a Lenah anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ankasungidwa ku Chilomoni ndi John, mlongo wake wa Lenah, pamodzi ndi mkazi wake Immaculata. John ankati makutu a mayi sakumvanso pafoni, choncho ankawajambula mawu n'kutumiza. "Ndili bwino mwananga. Akundisamala. Usavutike n'kubwera." Mawuwo anali onjenjemera, okwiririka ndi mkokomo.

Lenah anali wotayipa pa bungwe lina la zaumoyo, ndipo ntchito yake inali kumvetsera mawu ojambulidwa n'kuwalemba. Kompyuta anaiphunzira yekha. A Lawson, mnzake wa ku ofesi wochokera ku Ntcheu, ndiwo anamupatsa pulogalamu yosefera mawu yotchedwa ikwalaiza.

"Ili ndi timizere khumi, mayi," anatero a Lawson. "Mukakweza takumanzere, besi imveka; takumanja ndi ta mawu opyapyala. Koma imagwira chilichonse chotuluka m'kompyutamo. Mungamve ndi miseche ya abwana yomwe."

"Miseche ndimaimva popanda makina, bambo Lawson."

Madzulo oyamba, m'chipinda chake m'dera la South B, analumikiza wailesi ya kaseti ku kompyuta ndi kawaya. Kunja kunali chisanu, ndipo makondakitala a maminibasi otchedwa matatu anali akuitanirabe anthu kumsewu. Anatsitsa mkokomo uja, nakweza timizere takumanja. Pamenepo zinatulukira: ntchentche zambiri, zikuluzikulu, zolira mokhuta monga zimalirira pa chinthu chowola. Lenah anadzikanda pakhosi. Mayi ake anali munthu wosesa kawiri pa tsiku, wothamangitsa ntchentche imodzi mpaka kumpanda.

Madzulo achiwiri anakweza timizere tapakati. Mawu a nkhalamba aja asanatuluke, kunkayamba kwamveka kunong'ona kwa mwamuna: "Unene kuti akundisamala." Kenaka mawu onjenjemera aja: "Akundisamala." Mwamunayo anali John, ndipo ankanong'ona chakudya chili m'kamwa. Lenah anamva fupa likuphwanyidwa ndi mano, mafuta ake akuyamwidwa, kenaka kugeya. Kumapeto kwenikweni, nkhalamba ija itamaliza kudalitsa mwana wake, inaseka kaphwete kotsekereza ndi dzanja. Kasekedwe kameneko anakadziwa. Kanali ka Immaculata.

Anazula kawaya kaja.

M'mawa mwake a Lawson, ataona nkhope yake, anatseka chitseko cha ofesi n'kutsitsa mawu.

"Mundikhululukire, mayi. Anzathu a ku Malawi amene timapemphera nawo ku Rongai akunong'onezana kuti kwanu mayi anu sanaonekere pakhonde chiyambire Isitala. Ena akuti mwina maliro anachitika mwakachetechete."

"Za pakhomo pathu sizikambidwa ku Rongai," anayankha Lenah, natembenukira ku ntchito yake.

Madzulo achitatu magetsi anali ofooka, babu likuyaka mofiira. Anatsitsa timizere tonse kupatula tiwiri takumanzere, nagunditsa khutu pa sipika. Poyamba anangomva kulira kwa makina. Kenaka, kutali, kuseri kwa kutafuna kuja, kunamveka kugogoda pa lata. Go. Go. Kupuma kwautali. Go. Lata limenelo analizindikira: linali chitseko cha kanyumba kosungiramo makala kuseri kwa khitchini, chimene iye ankachitseka tsiku ndi tsiku ali mwana. Anakweza kamzere kachitatu pang'ono pokha, ndipo pansi pa kugogodako panatuluka mawu ouma, okoka lilime.

"Madzi... Nambewe... madzi."

Padziko lonse munthu mmodzi yekha ndiye ankamutchula choncho: mayi ake.

Anazimitsa wailesi, natulutsa kaseti n'kuiika patebulo. Pofuna kukhazika mtima pansi anatsegula nyimbo ya kwaya imene inali m'kompyutamo. Oimba anayamba bwinobwino. Koma pansi pa besi yawo, kaseti ili poyera patebulo, lata lija linalirabe. Go. Go.

Lenah anali asanaululirepo munthu wakunja chamanyazi chilichonse cha banja lawo. Kutacha anaimbira foni mayi Kate, oyandikana nawo nyumba ku Chilomoni, amene anali asanawalankhule zaka zinayi chifukwa cha mkangano wa malire.

"Mayi Kate, ndine Lenah. Ndikukugwadirani. Tengani hamala ndi amuna awiri, mukaswe loko wa kanyumba ka makala."

"Iii, mwana iwe, m'nyumba ya eni? Muli chiyani m'menemo?"

"Muli mayi anga. Mutengenso kapu ya madzi."

Anadikira atakhala pabedi, nsapato zili kuphazi. Foni inalira dzuwa litakwera.

"Ali moyo," anatero mayi Kate. "Koma Lenah, fungo lake! Anawagoneka pa masaka, mbale ili pansi ngati ya galu, zilonda zili msana wonse. Akuti ankaipitsa zofunda, ndiye chipinda chawo anaikamo alendi. Amwa makapu atatu osapuma. Panopa ali kwanga, tikuwasambitsa."

Lenah anathokoza, nayamba kulongedza sutukesi. Asanaitseke, foni inaliranso. Anali John, akupumira m'mwamba.

"Achemwali, mwatichititsa manyazi Chilomoni yonse! Simukanayamba mwafunsa ife? Wakuuzani mabodza amenewa ndani? Ndi Kate eti?"

Lenah anayang'ana kaseti ija patebulo. Anaigwira ndi nsonga za zala ziwiri, naikulunga m'pepala n'kuiika pamwamba pa zovala.

"Zandiuza ndi ntchentche za pakhomo panu, John. Ndikubwera nazo Lachisanu. Uitane amalume ndi akulu a mpingo, adzazimve okha. Ndipo umuuze Immaculata adzakhalepo, adzatilankhulire ngati mayi, mayiwo akumva."