Foda Yotchedwa Kwathu

Nkhaniyi anandiuza ndi a Kaliati, akabaza amene anandikweza kuchokera ku Migowi. Akuti mtsikana wa m'nkhaniyi, Thandiwe, ndi mwana wa mlongo wawo.

Thandiwe ndi Fletcher anakumana pasiteji ya minibasi pa Phalombe, aliyense atakumbatira chikwama cha laputopu kuopa mvula. Onse anali olemba khodi, malamulo aja amene kompyuta imamvera. Chikondi chitayamba, anayambanso kupanga limodzi pulogalamu yothandiza alimi a mpunga.

"Foda yaikulu tiitche chiyani, duwa langa?" anafunsa Fletcher.

"Kwathu," anayankha Thandiwe mwamanyazi.

"Basi! Zanga zonse zizikhala momwemo mpaka imfa."

Fletcher atapeza ntchito ku Blantyre, anagawa pulogalamuyo nthambi ziwiri, ndiye kuti kope lake ndi la Thandiwe. Kunthambi yake anasanja mafoda mwina, ati ndi mmene amachitira m'tauni. Choncho akakonza kanthu, ankayamba wasintha njira ya fayilo, mndandanda uja wa mafoda ofikitsa pafayiloyo, kuti igwirizane ndi mafoda a Thandiwe, kenako n'kutumiza chigamba cha khodicho. Pansi pake ankalemba kuti: "Ndakusowa, wapamtima wanga."

Thandiwe ankakwera pachulu kusaka netiweki, yekhayekha, maso ali kuphiri la Michesi. Mafoni anachepa. Mameseji anauma. Koma zigambazo zinkabwerabe ndi mawu okoma aja. Nanga munthu wosakukonda angalembe zotere?

Tsiku lina chigamba chinakana kulowa. Kompyuta inati njira imeneyo kunthambi yake kulibe. Thandiwe anaiwerenga: aliness/kwathu/mpunga. Pansi pake, mawu omwe aja: "Ndakusowa, wapamtima wanga."

Anamuimbira foni Fletcher.

"Fletcher, Aliness ndi ndani?"

"Aaa, bebi, ndi dzina la foda chabe..."

"Foda imene kwathu kuli m'kati mwake? Nthambi zilipo zingati, Fletcher?"



"Zitatu," anayankha Fletcher. "Ndinatumiza cha Aliness, mnzanga wa kuntchito. Ndinangoiwala kusintha njira."

"Sunaiwale ayi! Njira unasintha kalekale, ine ndiye ndinachedwa kuwerenga."

Anadula foni, misozi ili chuchuchu.

A Kaliati akuti tsiku lomwelo Thandiwe anafufuta nthambi ya Fletcher, foda ija n'kuitcha Kwanga, ndipo anamuiwaliratu. Za foda sindingatsutse, kompyuta sindiidziwa. Koma zoiwalazo ine ndikukayika. Podutsa pamudzi pawo anandilozera okha Thandiwe uja ataima pachulu, foni ili m'mwamba.