Mphuno ya Ishta

Tasnim anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Fayoum, pafupi ndi ngalande ya madzi. Ankakonda kufunsa mafunso. Ankakondanso ng'ombe yawo, dzina lake Ishta. Ankafuna kuti Ishta akhale pakhomo pawo mpaka kalekale.

Koma panali vuto. Ishta ankaopa jakisoni.

Tsiku lina kunabwera adokotala a ziweto. Ababa anagwira chingwe. Amayi anagwira mutu. Ishta analumpha. Anapanikiza Amayi kukhoma. Phazi la Amayi linathyoka.

Tsopano Amayi ankayenda ndi ndodo. Sankafikanso kukhola.

"Izi zisadzachitikenso," anatero Ababa.

Anagulitsa nkhosa ziwiri. Anaitana munthu wowotcherera zitsulo. Munthuyo anamanga kakhola kachitsulo. Kanali kopapatiza. Kanali ndi chitseko kutsogolo, china kumbuyo.

"Ababa, n'chifukwa chiyani n'kopapatiza?" anafunsa Tasnim.

"Kuti Ishta asatembenuke."

"Nanga munthu aziima pati?"

"Kunja. Ng'ombe mkati, munthu kunja."

"Nanga ng'ombe ikakana?"

"Iwe, pakamwa pako sipatopa kodi? Ndipatse penti uyo."

Ababa anapaka penti wobiriwira. Anapaka kamodzi. Anapaka kawiri. Anapaka katatu. Kakhola kanawala. Anthu odutsa pa abulu ankaima n'kumayang'ana.

"Aa, n'kanthu kakang'ono chabe," ankatero Ababa. Koma bodza, ankakanyadira kwabasi.

M'mawa mwake anabweretsa Ishta. Ishta anafika pachitseko. Anaima nji.

Ababa anakoka. Ishta anakana.

Ababa anakankha. Ishta anakana.

Ababa anaika msipu wauwisi mkati. Ishta anauyang'ana. Anakanabe.

Ababa anakhala pansi, thukuta lili kamukamu.

"Adokotala abweranso Lachinayi," anatero. "Ishta akakana kulowa, timugulitsa. Lole ya kumsika idutsa Loweruka."

"Ayi, Ababa."

"Mwanangu, nanenso ndimamukonda. Koma sindifuna munthu wina avulale."

Tasnim anamva chisoni kwambiri. Buledi sanadye. Tiyi anangozizira. Koma funso limodzi silinachoke m'mutu mwake. N'chifukwa chiyani Ishta akukana?

Anafunsa Amayi.

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero Amayi. "Ng'ombe siyankhula. Koma ukaiyang'anitsitsa, imakuuza."

Tasnim anakhala pakhoma la khola. Anayang'ana. Anayang'ana tsiku lonse.

Ishta anapita pamadzi. Ananunkhiza, kenako anamwa.

Anapita pamsipu. Ananunkhiza, kenako anadya.

Kunabwera mphaka. Ishta ananunkhiza mphakayo.

Tasnim anatambasula dzanja. Ishta ananunkhiza, kenako ananyambita.

"Kodi iwe, umaona ndi mphuno?" anafunsa Tasnim.

Anathamangira ku kakhola katsopano. Anaika mphuno pachitsulo. Ananunkhiza. Mphuno inawawa. Anayetsemula kawiri.

Anabwerera kukhola lakale. Ananunkhiza khoma. Linkamveka udzu. Linkamveka mkaka. Linkamveka ndowe. Linkamveka Ishta.

"Ohoo," anatero Tasnim.

Lachitatu Ababa anapita kumunda. Tasnim anatenga ndowa. Anathiramo matope. Anathiramo udzu wakale wa m'khola. Anathiramonso ndowe, zambiri ndithu. Anasakaniza ndi manja.

Anapaka chitsulo choyamba. Anapaka chachiwiri. Anapaka zitseko zonse. Pansi anayalapo udzu umene Ishta ankagonapo. Penti yense anabisika.

Ababa anabwera. Khasu linagwa pansi.

"Penti wanga!"

Anagwira kumutu. "Mayi a Tasnim, tabwerani mudzaone ntchito ya mwana wanu."

Amayi anatuluka ndi ndodo yawo. "Akapaka ndowe ndi wanga, eti? Akakhoza kusukulu ndi wanu."

"Ababa, pepani," anatero Tasnim. "Penti wanu ndi wokongola. Koma Ishta sakumudziwa. Fungo lake ndi lachilendo. Tayesaninso kamodzi kokha."

Ababa anayang'ana kakhola. Anayang'ana manja a Tasnim. Anapukusa mutu.

"Kamodzi kokha. Iwe uime kunja."

Anabweretsa Ishta. Ishta anafika pachitseko. Anaima. Tasnim anamuyang'anitsitsa.

Ishta ananunkhiza chitsulo. Ananunkhiza udzu. Ananunkhizanso.

Mwendo umodzi unalowa. Wachiwiri unalowa. Ishta yense analowa. Anayamba kudya msipu.

Ababa anatseka chitseko pang'onopang'ono. Anangoika dzanja pamutu pa Tasnim.

Lachinayi adokotala anabwera. Anali mayi wamtali, dzina lawo a Nagwa. Anayang'ana kakhola, n'kuseka.

"Wapaka ndani penti wonunkha chonchi?"

"Mmisiri wathu ndi uyu," anatero Ababa, akuloza Tasnim. "Ine ndimangomuthandiza."

Ishta analowa. Adokotala anaima kunja. Anamubaya jakisoni. Ishta anadzidzimuka, naponya mwendo. Mwendo unagunda chitsulo, gwa. Palibe amene anavulala.

Amayi anayandikira ndi ndodo yawo. Poyamba ankaopa. Kenako analowetsa dzanja pakati pa zitsulo. Anasisita nkhope ya Ishta.

"Ndinakusowa, wamakani iwe," anatero Amayi. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

Loweruka m'mawa lole ya kumsika inafika. Inaima pamsewu. Inaliza hutala.

Tasnim anagwira mkanjo wa Ababa. Anaugwira zolimba.

Dalaivala anasuzumira pawindo n'kuitana Ababa. "A Ragab, ng'ombe ija ili kuti?"

"Pitani bwino," anatero Ababa. "Pano palibe ng'ombe yogulitsa."

Lole inapita. Tasnim anathamangira kukhola kukamuuza Ishta.