Kansalu Kofiira ka Chiphadzuwa

M'khola la Wamkaka munali timipando tiwiri. Iye ankakama mbali iyi, mkazi wake mbali inayo, uku akucheza kudzera kunsi kwa mimba ya ng'ombe. Mwana analibe, koma anali ndi Chiphadzuwa, ng'ombe yamawanga akuda imene anailera ndi botolo make atafa. Linali banja loti ukaliona umasirira.

Kenaka bungwe la alimi linasankha mkaziyo kuti azikonza zionetsero za ng'ombe za mkaka. Wamkaka ndiye anayamba kuwomba m'manja, n'kulembetsa Chiphadzuwa pa mpikisano woyamba. Koma ntchito yatsopano imadya nthawi ngati chiswe. Mkazi ankalawirira kukayeza bwalo, kusaka mahema ndi madzi a ng'ombe, n'kubwerako ali wefuwefu. Kampando kachiwiri kanachita fumbi. Wamkaka anasungulumwa mpaka anayamba kudandaulira ng'ombe, poti ndi yokhayo inkamumvera.

Munthu wosungulumwa amameza chilichonse chomwe wauzidwa. Mayi woyeza mkaka kumalo ogulitsira, amene pakamwa pake sipankauma, anamutsina khutu kuti akazi ake amaoneka komwera tiyi kuseri kwa siteshoni ndi bambo wina wamtali, waimvi. Wamkaka anapitako, n'kuwaonadi pawindo atagundanitsa mitu, akuseka. Kuseka kotero kunali kutasowa kalekale m'nyumba mwake.

Bamboyo anali woweruza ng'ombe. Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti woweruza asadziwike kwa mlimi aliyense mpaka tsiku la chionetsero, kuopa kuti angamunyengerere. Choncho mkazi atafunsidwa sanakane, koma sanaululenso.

"Ndi zantchito, bambo. Pali zina zimene munthu woti ali ndi ng'ombe pa mpikisano sauzidwa. Muchotseni Chiphadzuwa, ndikuuzani zonse lero lomwe."

"Wanditengera mkazi, ndiye anditengerenso ng'ombe?" anatero Wamkaka, n'kutuluka.

Khomo la choonadi linali lotseguka, koma iye analitseka yekha. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nsanje sidziwa kudikira. Kuyambira tsikulo ankadya payekha, ndipo mkazi akamulankhula ankayankha ndi msana.

Tsiku la chionetsero anamusambitsa Chiphadzuwa, kumupesa mchira, n'kumusiya osakama kuti bere lioneke lodzaza. Ataima m'bwalo ndi alimi anzake, anaona bambo waimvi uja akulowa atavala chikhoti choyera. Mtima unayamba kukhala pansi. Kani chinsinsi chonse chinali chimenechi? Anachita manyazi, ndipo anaganiza zokapepesa akafika kunyumba.

Woweruzayo anazungulira ng'ombe zonse, akuyang'ana miyendo, msana ndi mawere. Atafika pa Chiphadzuwa anamumenya kakhofi pamsana, chizindikiro chakuti wapambana. Mkazi wa Wamkaka anamanga kansalu kofiira ka wopambana pachingwe cha ng'ombeyo, misozi yachimwemwe ili m'maso.

Pamenepo mawu anamveka kuseri kwa mpanda. "Wabwereka mkazi, wabweza kansalu."

Anthu anaseka chikhakhali. Wamkaka anayang'ana kansaluko n'kukaona ngati malipiro a manyazi ake. Anazula chikhomo chachitsulo chomangirapo ng'ombe. Woweruzayo anali akumutambasulira dzanja kuti amuyamikire pamene chitsulocho chinamupeza pamutu. Anamwalira asanafike kuchipatala.

Kukhoti kunamveka kuti ng'ombe za pa mpikisano zinkadziwika ndi manambala okha, ndipo malemuyo, mlendo wochokera kutali, sankamudziwa n'komwe mwamuna wa mayi wokonza chionetsero. Wamkaka anamva zonsezi ataweramitsa mutu. Khoti linamugamula kuti akakhale kundende moyo wake wonse. Wonena mawu aja kuseri kwa mpanda sanapezeke, monga mmene zimakhalira ndi anthu oyatsa moto.

Nsanje imalanda munthu ngakhale chimene wachipeza ndi thukuta lake. M'chipinda cha ndende, nthawi yokama ikakwana, zala za Wamkaka zimafinya zokha pamaondo.

Mkazi anabwera kamodzi kokha. Chionetsero chinali chitathetsedwa, ng'ombe itapita kwa mlimi wina. Anaika kansalu kofiira patebulo pakati pawo.

"Tengani, bambo. Palibe anakupatsani. Chiphadzuwa anapambana yekha."

Ananyamuka osacheuka, ndipo mlonda anatenga kansaluko, poti akaidi saloledwa kusunga chilichonse chonga chingwe.