Chitsime Chimene Chinabwereka Pakamwa pa ba Dyness

Woyamba kumva anali ba Mainess, mayi wa vitumbuwa, m'bandakucha wina nthawi ya Chitaganya, ku komboni ya Kanyama konkuno. Akuti akutsitsa ndowa m'chitsime, chingwe chikulira pamtanda, pansi mumdimamo munamveka kutsokomola, kuja kwa munthu wokonza pakhosi kuti alankhule.

Tsono dzulo lake kunali msonkhano. Mzungu mwini malo anatuma kapitawo wake, ba Whyson, kudzanena kuti chitsime chikwiriridwa ndi miyala, popeza komboni yopanda madzi imasamuka yokha. Amuna analankhula, mawu osagwira. Ndiye anaimirira ba Dyness, mwana wa malemu amene anakumba chitsimecho atabwera wapansi kuchokera ku Nyasalande. Pakamwa ngati pa mayi uja sindinapaonenso. Pamaliro ankalankhula ngati kuti iwo ndiwo khasu la womwalira, amuna n'kumabisa nkhope m'zipewa. Luso limeneli anawasiyira ndi bambo awo, pamodzi ndi lamulo lake: ukabwereketsa pakamwa kwa chinthu chosalankhula, pomaliza ulavule pansi, utchule dzina lako, kuti mawu abwerere kwa mwini.

"Ine ndine chitsime," anatero ba Dyness. "Bana banu ninabasambika pobadwa, bakufa banu ninabasambika popita. Imwe ba Whyson, pamene malungo anakugwetsani, munamwa ndani?"

Nthungululu zinamveka mpaka ku njanji. Amayi anawanyamula m'mwamba, ndipo m'chisangalalo chija ba Dyness sanalavule.

M'mawa mwake anadzuka opanda mawu. Anthu ankati ndi chimfine. Koma tsiku lotsatira, kusanayere, achule a m'maenje okumbamo miyala atangoti zii, chitsime chinayamba kutchula mayina, pang'onopang'ono, ngati madzi odontha: ana onse amene chinawasambitsa, ngakhale aja omwalira asanatuluke m'chikuta, amene mayina awo ankadziwa amayi awo okha. Liwu lake linali la ba Dyness.

Ba Whyson anati ndi chinyengo. Anatsitsa nyali pachingwe, inangoonetsa madzi akuda ndi nkhope yawo. Ndiye analamula kuti ba Dyness akagone kunyumba kwa iwo ba Whyson, akazi awo ndi ba Mainess akuwalondera, kapitawoyo n'kubwera ndi lole ya miyala tambala asanalire. Mwala woyamba unagwa, phuu, madzi n'kukhazikika. Kenako pansi panafunsa mofatsa, mosakwiya konse:

"Ba Whyson, munamwa ndani?"

Antchito a pa lole anasiya mafosholo pomwepo n'kuthawa. Ena akuti anakaima kutali, ku komboni ya Matero.

Nthawi yomweyo kunyumba kuja, milomo ya ba Dyness inkagwedera popanda phokoso. Ba Mainess, amene ankalidziwa lamulo lija, anawagwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Lavulani, basisi, mutenge mawu yanu. Chizakusilizani ichi."

Ba Dyness anayang'ana kumene kunali chitsime. Ankadziwa kuti iwo akalankhula, icho chikhala chete, lole ibweranso. Anameza malovu, n'kupukusa mutu.

Sanalankhulenso moyo wawo wonse, koma ankayenda mutu uli m'mwamba, ndipo pachitsime palibe ankawayambirira kutunga. Mulu wa miyala uja unamera udzu pomwepo, komboni sinasamuke.

Tsiku limene anamwalira, amayi anapita kukatunga madzi osambitsira mtembo. Ndowa itagunda madzi, pansi panamveka liwu lija, losakalamba ndi pang'ono pomwe:

"Dzazani bwino. Uyo ni wanga."