Fani pa Bowo Lotulutsira Maliro

Nkhani iyi anandiuza ndi mwini wake, Ambrose Chikwekwe wa ku Ntcheu, tili pa malire a Songwe kudikira basi yomwe inathyoka chitsulo cha kunsi. Ine ndayenda, abale. Ndagona m'madepoti kuyambira ku Beira mpaka ku Kampala, ndipo bodza la wapaulendo ndimalimva fungo lisanathe kutuluka m'kamwa. Koma uyu sankakometsera. Unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iye atakulunga mpango m'khosi, mawu ake osasa ngati wameza mchenga. Chaka chotsatira nditafika ku Nairobi ndinakaifunafuna ploti yomwe ankakhala ku Kawangware, ndipo mwini wake, Mama Nekesa, anandilozera khoma la m'nkhaniyi ataima patali. Ndiye ndikulemba zimene ndinamva.

Ambrose anali wa zamagetsi pa tchalitchi china mumzindamo, ndipo Loweruka ankakonza mawaya m'nyumba za mabwana ku Runda. Mkazi wake, Ndaziona, anadwala khansa yomwe inalowa m'mafupa. Kuchipatala anawabweza ndi mapilitsi amene ankangomusanzitsa. Ululu ukamugwira ankaluma pilo mpaka kuing'amba, ndipo kukuwa kwake kunkadutsa makoma atatu. Chomugonetsa chinali chimodzi chokha, chamba chowiritsa mu tiyi wa mkaka. Koma chogula m'tinjira chinali chosakaniza ndi zinyalala, ndipo tsiku lina ogulitsawo anamukutumula Ambrose ndi chitsulo, kumuthyola mano awiri, ati ndi kazitape wa apolisi chifukwa cha Chiswahili chake chopotoka. Atalavula magazi anati, "Basi. Ndidzala ndekha."

Kuseri kwa ploti yomwe ankakhala kunali kachipinda kopanda zenera, komwe kanatha zaka ziwiri kopanda munthu. Ambrose anauza Mama Nekesa kuti akufuna posungira zipangizo. Mayiyo, amene ankamutchula kuti fundi, ndiye kuti mmisiri, anamupatsa kiyi n'kunena kuti, "Sunga katundu, fundi, koma usagonemo." Sabata yomweyo mayiyo anakwera basi kupita kumudzi kwawo kukakolola.

Ambrose anaitana mnzake wa mu kwaya, Chiukepo Gondwe wa ku Rumphi, amene ankaphunzira zaulimi pa koleji ina.

"Mbewu ya m'nyumba ndi mkaidi, achimwene," anatero Chiukepo akuyeza chipindacho ndi mapazi. "Dzuwa muipatsa ndinu, mphepo muipatsa ndinu. Mpweya wozizira uzilowera pansi, wotentha uzitulukira pamwamba. Mukalakwitsa pamenepo, simukulima ayi, mukuphika ndiwo."

Ambrose anajambula zonse pa pepala la thumba la simenti: mababu anayi apa, paipi yotulutsira apa, fani yokokera mphepo apa. Pofuna poika faniyo, maso ake anagwera kumunsi kwa khoma lakumbuyo. Panali chigamba cha njerwa zosiyana ndi zinzake, zomata mwachangu, kutambalala kwake ngati mapewa a munthu wamkulu.

"Apa ayi," anatero Chiukepo, kuseka kutamuthera.

"Chifukwa?"

"Taonani msinkhu wake. Si zenera, si khomo. Kwathu munthu akafa imfa yoipa sadutsa pakhomo. Amaboola kumbuyo, kumutulutsa, n'kutseka tsiku lomwelo kuti asaione njira yobwerera."

"Kwathunso akale ankatero. Koma kuno ndi ku Nairobi, a Gondwe. Mizimu ya kuno imakwera maminibasi awo a matatu aja, ilibe nthawi yokwawa m'mabowo."

Ankaseka pakamwa pokha, mumtima ankadziwa. Koma makoma ena onse anali a miyala yosema, ndipo kugogoda kwake kukanasonkhanitsa ploti yonse kudzafunsa mafunso. Chigambacho chinkangofuna nyundo kawiri. Nthawi yomweyo, kuchokera kunyumba yakutsogolo, Ndaziona anakuwa. Ambrose anatola nyundo.

Njerwa zinagwa mosavuta, ngati kunja kunali wina wothandiza kukankha. Munalowa kamphepo kozizira, konunkha parafini ndi chingwe cha khonje chonyowa. Ambrose anati ndi ngalande. Anamanga pabowopo fani yachitsulo yomwe anaitola itatayidwa ku Runda, yoyang'ana mkati, ndi mabawuti anayi. Pamwamba anaika paipi yopapatiza n'kuidzaza makala kuti fungo la chamba lisafike kwa aneba. Ming'alu ya chitseko anaimata ndi pulasitiki wakuda. Mababu anawapachika pa mtanda wachitsulo womwe unali kale pansi pa denga. Poopa kutentha, anakonza zoti aziyaka usiku n'kuzima m'mawa. Ndiye m'chipindamo usiku unkayamba anthu akumwa tiyi, ndipo mdima wake wa ndiweyani unkagwa pa nthawi ya nkhomaliro.

Chamba chinamera, abale. Chiukepo ankati chotere sanachionepo ngakhale ku Nkhotakota. Masamba oyamba atawiritsidwa, Ndaziona anagona maola asanu ndi limodzi, ndipo podzuka anapempha phala. Ambrose anakalilira kubafa kuti asamuone.

Koma akumwa phalalo, Ndaziona anafunsa, "Bambo a Misozi, kodi munthu wamtali amaima pa mpando m'chipinda mwanumo ndani?"

"Mulibe mpando mmenemo."

"Ndimamuona ndikagona. Amangondiyang'ana ngati ndinamulakwira."

Ambrose naye anali atayamba kale kuona zake. Waya aliyense amene ankamusiya wowongoka, mawa lake ankamupeza wopota kakhwekhwe, mfundo yake yaukatswiri. Ankamasula. Ankapezanso. Masana faniyo inkasintha kulira: m'malo mwa phokoso lake losadukiza, inkakoka, n'kuima, n'kukokanso, ngati munthu wobanika. Lachitatu lina anapeza mphaka wa aneba akulendewera pa mtanda paja, lilime lili kunja. Chitseko chinali chokiya. Kiyi inali m'thumba mwake. Anamukwirira mphakayo osauza munthu, poti kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti chamba chikhwime.

Loweruka masana, Ambrose akumusambitsa mkazi wake, Chiukepo anatenga kiyi kuti akathirire. Panapita mphindi zochepa. Kenako chitseko chinamenyeka, phaa! Kenako chinthu cholemera chinagunda khoma. Kawiri. Katatu.

Ambrose anathamanga manja ali thovu lokhalokha. Chitseko sichinkatseguka. Mkati Chiukepo ankakuwa m'Chitumbuka, kuitana amayi ake. Kenako faniyo inalira ngati chigayo chatafuna mwala.

Chitseko chinatseguka chokha. Chiukepo anatuluka chokwawa, nkhope yotupa, dzanja lamanja atalipana m'khwapa. Zala ziwiri panalibe. Magazi anawazika khoma lonse mpaka pamasamba.

"Chinandigwira pa mkono," ananong'ona. "Chinandikoka. Chili ndi manja, achimwene. Ozizira."

Aneba anamukweza pa mkokoteni, ngolo yokankha ija, kupita naye kuchipatala. Anthu akubalalika, pageti panalowa Mama Nekesa ndi thumba la nyemba pamutu, akuchokera kumudzi. Anatsata madontho a magazi mpaka kuseri. Ataona faniyo, thumba linagwa. Anatembenuka n'kumuwomba Ambrose khofi loti makutu analira.

"Wapenga iwe? Ndinati sunga katundu!"

Mayiyo anamuuza zonse m'Chiswahili chothamanga. M'chipindamo munkakhala mlonda wina, Barasa. Tsiku lina anatema mkazi wake ndi chikwanje mpaka kumupha, kenako anakwera pa mpando n'kudzimangirira pa mtanda womwewo. Abale ake atabwera anaukwapula mtembowo ndi ndodo, monga amachitira kwawo, n'kuukokera kunja pabowo lija, miyendo patsogolo.

"Zaka ziwiri wakhala akuzungulira khomali kufuna polowera. Iwe wamutsegulira. Wamuikira ndi makina omukoka! Nanga pamwambapo watseka ndi makala. Atulukira pati? Tentha zonsezi lero."

"Mama, masiku asanu ndi limodzi okha. Inu mumamumva mkazi wanga."

Mayiyo ankamumvadi.

"Wakupha mkazi wake sasangalala kuona wa mnzake akugona tulo," anatero motsitsa mawu. "Akatha nawe apita kwa iye."

Ambrose anaganiza ngati wa zamagetsi. Choipa chalowa ndi mphepo, chituluke ndi mphepo. Kutentha chamba ayi. Angoitembenuza faniyo kuti izipemerera kunja. Mabawuti anayi basi, koma omasulira mkati.

Anazimitsa fani pa swichi yake. Faniyo inapitiriza kuzungulira. Anazula waya wake, kumugwira m'manja, kumuona ndi maso. Inkazungulirabe.

Anayatsa mababu onse, n'kulowa ndi sipanala. Kunja dzuwa linali pamutu, ana akusewera mpira, wogulitsa makala akuitanira malonda. Chitseko chinadzitseka kumbuyo kwake, ndipo phokoso lonselo linazimirira.

Anagwada pa faniyo. Bawuti yoyamba inatuluka.

Babu lina linaphulika. Magalasi anamugwera pamsana.

Yachiwiri inatuluka. Linaphulika linanso.

Fungo la parafini linadzaza m'kamwa. Kumbuyo kwake kunamveka mpando ukukwekwerezedwa pa simenti. Munalibe mpando.

Yachitatu. Mababu awiri otsalawo anaphulikira limodzi.

Mdima.

Anapapasa yachinayi. Wina anapuma pakhutu pake.

Chibakera chinamupeza m'nthiti, anamva kuthyoka. China pakamwa. Anaponya sipanala mumdimamo, inagunda khoma. Anagwidwa tsitsi, mutu wake n'kumenyetsedwa pa chitsulo cha fani. Kenako waya anamuzinga m'khosi, mofatsa, ngati mmene mayi amavekera mwana mkanda.

Anakwezedwa.

Mapazi anasiya pansi. Anapalasa. Analowetsa zala pansi pa wayayo, zikhadabo zinathyoka. Maso anayamba kuona moto. Ankamva Mama Nekesa akumenya chitseko ndi munsi, kutali ngati kutsidya kwa mtsinje.

Apa mpamene Mama Nekesa amalumbira kuti anaona ndi maso ake. Ndaziona, amene anali asanaponde pansi miyezi iwiri, anatulukira pakona akuyenda chowongoka, chitenje chikukwekwereza. Anamukankhira pambali mayiyo. Anagwira chitseko ndi zala ziwiri, ndipo chinatseguka. Anaima pakhomo n'kulankhula m'Chiluhya, chinenero cha kwawo kwa Barasa chimene iye sankadziwa ngakhale moni wake, ndi mawu a mkazi wina.

"Barasa. Ine unandipha kale. Uyu ndi wa mwini. Tuluka."

Faniyo inaima. Kenako inazuka ndi bawuti yake yomwe, n'kuuluka pabowopo kukagwera mu ngalande. Chimphepo chinadutsa kuchokera pakhomo kukatulukira pabowo, chinagwetsa Mama Nekesa n'kumugumula bondo. Ambrose anagwa pansi ngati thumba. Agalu a Kawangware yense anauwa dzuwa likuwala.

Ambrose atatsegula maso anaona chamba chake chonse, mitengo khumi ndi iwiri, itazulidwa. Inkalendewera pa mtanda, mizu m'mwamba, uliwonse ndi kakhwekhwe kake ka waya. Ndaziona anali atakomoka pakhomo. Atatsitsimuka sankakumbuka kanthu, ndipo sanayendenso.

Madzulo omwewo Ambrose anatseka bowolo ndi miyala ndi matumba atatu a simenti, nthiti zikumubaya. Mama Nekesa anati chambacho atenthe, chagwidwa ndi manja a wakufa. Iye anavomera, anagula ndi parafini yemwe. Koma asanakhwatche machesi, ululu unamubwerera Ndaziona, ndipo anakuwa mpaka mawu anatha, kutsala mpweya wokha. Ambrose anamasula mfundo khumi ndi ziwiri zija imodziimodzi, n'kuika mkaka pamoto.

Ndaziona anakhala masiku makumi awiri ndi atatu osakuwa. Ankadya, ankaseka, analankhula ndi mwana wawo Misozi pafoni mpaka batire kutha. Anamwalira ali m'tulo, ndipo anatulukira pakhomo ngati munthu. Pamene ndinkakumana ndi Ambrose n'kuti akuchokera kokamuika ku Ntcheu. Anamasula mpango uja kundionetsa mzere wakuda wozungulira khosi lonse. Ndinamufunsa ngati amadandaula kuti anaboola khomalo.

"Zala za a Gondwe zimandisowetsa tulo, madala," anatero. "Koma akanati ndisankhenso, nyundo ija ndikanaitolanso."

Tsopano ine ndinene zanga. Chipinda chotsekeratu, chotentha, chodzaza makala ndi fungo la chamba, chikhoza kuzunguza mutu wa munthu aliyense. Munthu wokomoka akhoza kugwera pa fani, akhoza kudzikola m'mawaya ake omwe. Chiukepo sindinamupeze, akuti anabwerera ku Rumphi. Za Chiluhya zija mboni yake ndi mayi mmodzi amene anali ndi mantha. Tsiku limene ndinaima pa khomalo kunalibe mphepo, koma pepala la siwiti linanyamuka pansi, linakamatirira pa chigamba cha simenti chija, n'kukhala pomwepo ngati likuyamwidwa. Ndinalichotsa, linabwererapo. Chimene chinkalikoka sindikuchidziwa. Koma zoti anali Barasa, ine ndimakayika, ndipo Ambrose ndinamuuza zomwezo pamaso.