Mbale ya pa Manda a Ezelina

Madzulo a tsiku limene tinaika maliro a malume ake a Feliya, ndinabwerera kukanyumba kanga ndili ndi chinthu m'jekete. Unali mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo, koma jeketelo sindinalivule mpaka nditatseka chitseko.

Dzina langa ndine Frazer, ntchito yanga ndi yokonza mawayilesi. Sukulu ndinalekera sitandade faifi. Zina zonsezi ndinadziphunzitsa ndekha, kumasula zinthu za eni ake mpaka zitayankhula. Ndakhalako ku Limbe, ku Chipata, ku Tete, ku Mzimba, koma palibe kumene ndinathako mvula zitatu. Ku Chulu ndinafika chaka chachitatu cha makuponi a feteleza, zaka zikuyandikira makumi asanu, mawondo atayamba kudandaula ndi njinga. Kumeneko ndiye ndinafuna kukhazikika. Feliya, mayi wamasiye wa ana awiri okula kale, anali atandilola. Mlongo wake, Lameki, anandibwereka kanyumba kake kosankhiramo fodya kumapeto kwa munda. Anandiuza kuti sabata yotsatira, polemba mayina a makuponi, langa lilowa pakhomo la Feliya, ndipo tikakolola tikadalitsa ukwati kutchalitchi. Feteleza sindinkamulabadira kwenikweni. Chimene chinkandisowetsa tulo n'chakuti dzina langa lidzatchulidwa pamodzi ndi la mudzi, koyamba chibadwire.

M'maulendo anga onse panali katundu mmodzi amene sindinkasiya: galamafoni ya bambo anga. Anabwera nayo kuchokera ku Bulawayo pamodzi ndi mbale khumi ndi ziwiri za jazi, zonse za amayi akuda a ku Amereka, zojambulidwa ine ndisanabadwe. Lamulungu masana bambo ankapolisha nsapato pakhonde, mayi wina akuimba m'nyumba mosafulumira, ngati akukuuza nkhani imene sanauzepo aliyense. Mbalezo zinathera pamwamba pa basi ya ku Tete, dzuwa litazipinda ngati zitumbuwa. Galamafoni ndinaisintha kuti iziyendera batire la galimoto, ndipo ndinayenda nayo zaka makumi awiri yopanda choimba.

Tsikulo kumanda, anthu akukwirira, ine ndinaima kumbuyo. Pafupi ndi phazi langa panali manda a Ezelina, mkulu wake wa Feliya, amene anamwalira mu Meyi ine ndisanafike. Ndinkamudziwira m'nkhani zokha. Anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba ya mzungu woyang'anira esiteti ina ya fodya cha ku Santhe, sanakwatiwe, ndipo anabwerera kumudzi ndi sutikesi imodzi. Pamtumbira pake abale anaikapo zinthu zake monga mwa mwambo: kapu, beseni, ketulo. Chilichonse anachiboola ndi msomali kuti chife pamodzi ndi mwini wake, wamoyo asachisirire. Pakati pa zimenezi panali jumbo yopsinjidwa ndi mwala. M'jumbomo ndinaona katoni yamakona anayi, chikuto cha mbale ya galamafoni.

Ndinafunsa Lameki monong'ona ngati mbaleyo anaiswa.

“Imeneyo sitinavutike nayo, alamu,” iye anatero. “Inabwera yoboola kale pakati.”

Ndiye kuti inali yamoyo. Miyezi isanu yopanda mvula, pamthunzi wa mitengo yakumanda, dzuwa losafikapo. Pamene abusa anati titseke maso, ine ndinawerama.

Usikuwo abale onse anagona kusiwa, kunyumba ya malemu. Ine ndinanamizira mutu. M'kanyumba muja munkanunkha fodya wakale ndi fumbi. Ndinayatsa koloboyi. Pakatoni panali chithunzi cha mayi wovala magolovesi oyera, atatsamira piyano, maso ali chotseka. Dzina lake chiswe chinali chitadya. Ndinapukuta mbaleyo ndi kansalu konyowa, ndinalumikiza batire, ndinatsitsa mawu kwambiri chifukwa kusiwa kunkamvekabe nyimbo za maliro chapatali. Ndinatsitsa singano.

Inayamba ndi gitala lalikulu loimirira lija, likuyenda ngati munthu wonenepa wopanda changu. Kenako piyano. Kenako ng'oma, zosamenyedwa koma zosesedwa. Ndiye mayiyo analowa, mawu okhuthala, osasa pang'ono m'mphepete. Ankachedwa dala pa liwu lililonse, oimba anzake n'kumamudikira. Mbale inali itapindika pang'ono, motero singano inkakwera ndi kutsika ngati chifuwa cha munthu wogona. Ndinakhala pa mtolo wa ziguduli. Ndinamva fungo la polishi wa nsapato za bambo. Misozi inatsika, sindibisa.

Pa nyimbo yachitatu ndinamva kuti oimba ndi awiri.

Poyamba ndinati mwina ndi sipika, pepala lake linang'ambika kale. Ndinaika khutu. Sipika inali bwino. Mawu achiwiriwo ankachokera kuseri kwa khoma, mbali ya kumunda. Anali a mayi. Ankatsalira pang'ono m'mbuyo mwa a m'mbale. Chingerezi chake sichinali Chingerezi, anali maonekedwe ake chabe, mmene amaimbira munthu amene nyimbo anaiphunzira akukolopa m'chipinda china. Koma pokwera pamene pankakwera mayi wa m'mbale, iyenso ankakwera, osaphonya.

Ndinanyamula singano.

Mawu a panja anapitirira ndi mawu awiri, kenaka anadukiza, ngati munthu wachita manyazi.

Kunali zii. Ngakhale nkhululu zinaleka. Ndinadziuza kuti ndi mayi wina wochokera kusiwa. Koma ndi mayi uti wa ku Chulu akanaidziwa nyimbo imeneyo? Ndinakhala nthawi yaitali nditagwira singano m'mwamba. Ndiye ndinachita chopusa. Ndinaitsitsanso, kuti nditsimikize.

Tsopano mawuwo anali pakhomo.

Chitseko chinali chamatabwa atatu, chokhala ndi mipata. Sindinayang'ane m'mipatamo. Ndinayang'ana mbale ikuzungulira, nyimbo yachinayi, yachisanu, yachisanu ndi chimodzi. Anaimba zonse. Singano itafika pakati inayamba kukanda pamalo amodzi, kwe, kwe, kwe. Panamveka kugogoda kuwiri, kwaulemu, kwa munthu wozolowera kugogoda pa zitseko za mabwana.

“Tatembenuzani, bambo. Kuseriko ndiye kuli zabwino.”

Manja anga anatembenuza okha.

Mbali yachiwiri inali ya nyimbo zozizira, lipenga likulira pansipansi. Wapakhomoyo anasiya kutsalira. Tsopano ankayamba iye, wa m'mbale n'kumatsatira. Pansi pa chitseko pankalowa fungo la sopo wochapira ndi makala a simbi. Koloboyi anatha mafuta, ndinatsala mumdima. Mbale itatha ndinapeza mawu pakhosi, ndinati andikhululukire, ndalakwa, mbale yawo ndikabweza kukangocha.

Anayankha kuti kukacha n'kutali. Ndinati chabwino, ndikabweza pompano.

“Nanga mbale yokha ndikaimvera pa chiyani?”

Apa ndinayamba kuwerengera nthawi. Mwambo wa kumeneko ndinkaudziwa: mmawa wotsatira maliro, kusanayere bwino, amuna apabanja amapita kukaona ngati afiti sanasokoneze mtumbira watsopano. Munthu wopezeka kumanda mmawa umenewo alibe chonena chimene angamveredwe. Koma tambala woyamba anali asanalire. Ndinati ndikafika, ndikaika zonse, ndikatsitsa singano, n'kuthawa. Galamafoni ya bambo ipite, ine nditsale ndi Feliya.

Ndinamanga batire pakaliyala, galamafoni pamwamba pake, mbale m'jekete. Ndinatsegula chitseko maso ali pansi. Pakhomo panalibe mapazi a munthu.

Njira ya kumanda imadutsa m'minda. Mizere inali itakonzedwa kale kudikira mvula, zigafa zili mbee, zopanda fodya, mitengo yake yokha ili njo. Mwezi unali wotsala pang'ono kulowa. Ndinkakankha njinga, tcheni chikulira. Kumbuyo kwanga kunkamveka patapata, phya, phya, phya. Ndikaima, ankaima. Pa dambo, tayala linatitimira mumchenga, batire linapendama, ndipo ndinamva kulemera kwake kukuchepa, ngati wina wagwirira kumbuyo. Sindinathokoze. Sindinacheuke.

Kumanda kunali mdima wa mitengo. Dothi la mtumbira wa malume linkanunkhabe chinyezi. Ndinapapasa mpaka ndinagunda ketulo. Ndinaika galamafoni pamtumbira wa Ezelina, ndinalumikiza mawaya mwa kungokhudza, ntchito imene manja anga amaidziwa opanda maso. Gitala lalikulu lija linayamba kuyenda pakati pa mitanda. Ndinagwira njinga, ndinatembenuka.

“Ikatha atembenuze ndani?”

Mawuwo anali pafupi ndi khutu langa. Sanali aukali. Anali a munthu amene wapempha zinthu zochepa m'moyo wake, ndipo chimenechi sachisiya.

Ndinati nditembenuze kamodzi kokha. Ndinakhala pansi.

Sindidziwa kuti ndinatembenuza kangati. Ndinamva tambala woyamba, ndinati ikatha mbali iyi ndinyamuka. Ndinamva wachiwiri. Sindinadzuke. Nthawi ina mayi wa m'mbale anayamba kuimba mokoka, mawu akunenepa ngati a mwamuna, batire linkatha. Ndinasangalala, ndinati basi zathera pomwepa. Koma winayo anapitiriza kuimba pa liwiro lake lomwe lija, ndipo ndinaona kuti n'kulakwa kumusiya yekha. Maganizo amenewo mpaka lero amandiopsa kuposa mawu aja. Ankaimba bwino. Chibadwire sindinamvepo munthu akuimba choncho, ndipo mbali ina ya mtima wanga sinkafuna kuti kuche.

Anandipeza Lameki ndi amuna atatu. Kunali kutayera. Ndinali nditakhala pamtumbira, fumbi mpaka m'tsitsi, batire litafa kalekale. Ndinkazungulitsa mbale ndi chala, singano ikulira kamawu kakang'ono ngati udzudzu. Khungu la chalacho linali litasupuka, magazi atazungulira pa pepala la pakati. Mmodzi ananyamula chibonga. Lameki anamugwira dzanja. Kenako anandiuza kuti ndidzuke, ndisakhudzenso kanthu, ndipo dzuwa lisanalowe ndikhale nditatuluka m'mudzi. Ndinayesa kufotokoza, mawu sanatuluke. Pakhosi panali pouma ngati ndaimba usiku wonse.

Pofika masana nkhani inali itagawika pawiri. Ena ankati ndinabwera ku Chulu kudzadya maliro, ndipo makinawo ndi oitanira anzanga. Ena, makamaka amayi amene anagona kusiwa, sankanena zambiri. Ankangoti nyimbo za maliro zinaleka pakati pa usiku chifukwa panalibe amene akanatha kuimba ndi zimene zinkamveka kuchokera kumitengo. Galamafoni palibe amene analimba mtima kuichotsa. Ndinamva kuti Lameki anabwererako ndi msomali ndi hamala.

Feliya anandipeza panjira ya ku Santhe, nditamanga kale chikwama pa njinga. Anali atavala duku lakuda la maliro, m'manja muli mtedza wokazinga womanga pa kansalu. Anaupachika pa handulo, osandiyang'ana. Ndinamupempha kuti andimvere kaye, tipite kwa abusa, ndilumbire pa Baibulo, ndidikire chaka ngati n'kofunika.

Anati zoti ndine mfiti iye sakhulupirira, mfiti imadziwa kuthawa kukamacha. Anati mawu a akulu ake anawazindikira pa nyimbo yoyamba. Moyo wawo wonse ankaimba chapansipansi, akusita, akusankha fodya, ndipo wina akalowa ankaleka. Usiku wathawu ndi koyamba kuwamva akutulutsa mawu onse.

“Amaimbira munthu, a Frazer. Ndipo munthuyo anakhala mpaka kucha.”

Ndinati ndinkachita mantha.

“Mantha okha simukanazungulitsa ndi chala.” Anakonza duku lake, akuyang'ana kumitengo kuja. “Ine kulimbirana mwamuna ndi akulu anga, ayi. Muyende bwino.”