Onsewa Anawalodza Ndani?

Tsabola anafika m'wodi yunifolomu ya sukulu ili m'thupi, n'kupeza azakhali ake akulongedza m'chikwama zovala za amayi ake odwala. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa sankachedwa kupsa mtima, ndipo tsikuli unapsadi.

"Mukupita nawo kuti?"

"Kwa sing'anga," anayankha azakhali. "Khansa, khansa, khansa yachiyani? Mlamu wangayu anamulodza mayi woyandikana naye nyumba uja. Sadziwa ndani?"

Amayi anali gone, diripi ili pamkono, maso ali kudenga. Tsabola analanda chikwamacho n'kuchiponya kunsi kwa bedi.

"Azakhali, tayang'anani! Mzere wonsewu ndi khansa ya khomo la chiberekero, ngati amayi. Agogo ali pawindowo anawachotsa bere. Awo sameza ngakhale madzi, yawo ili kummero. Onsewa anawalodza mayi mmodzi yemweyo? Ndiye kuti sapuma!"

"Iwe mwana, pakamwapo! Ndine msinkhu wako ine?"

"Munawamwetsa mizu yanu chaka chathunthu, magazi akungotuluka. Adokotala akuti tikanabwera msanga..."



"Usakalipire azakhali ako okha," anatero amayi motsitsa. "Ndinabisa ndine. Ndinkachita manyazi kuvula pamaso pa dokotala. Nsalu zanga ndinkachapa mobisa kuti iwe usaone."

Tsabola anakhala m'mphepete mwa bedi, osadziwa kuti mkwiyowo autulire yani.

Azakhali anayang'ana mabedi aja limodzilimodzi. Ambiri ogonapo anali a msinkhu wawo, ena ang'ono kwa iwo. Anamanga mpango wawo bwinobwino, natuluka osatsanzika.

"Apite!" anatero Tsabola, natenga botolo kukatunga madzi.

Atangotuluka pakhomo la wodi, anawaona azakhali ataima ndi namwino pakona, akunong'ona.

"Anamwino, nanga munthu woti anasiya kusamba kalekale, koma magazi ayambiranso, amapita khomo liti?"

Namwino analoza chitseko chakumapeto. "Kumeneko, mayi. Lero lomwe."

Azakhali anangoima akuyang'ana chitsekocho. Atatembenuka, maso awo anakumana ndi a Tsabola, ndipo anagwetsa nkhope.

Mtima wa Tsabola unali ukugundabe mwaukali. Anaika botolo pansi, nawagwira dzanja. Linali thukuta lokhalokha.

"Tiyeni, azakhali," anatero. "Ndikuperekezeni."